Pamene magazi anali ndi mwini wake

Kafue wa m'zaka za m'ma 1970 anali tauni ya mashifiti. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene anamanga a Kobe Steel a ku Japan, inayamba kugwira ntchito mu 1970. Chapafupi panali Kafue Textiles, kumene makina oluka nsalu ankalira usana ndi usiku, ndipo kunalinso fakitale ya zikopa ya Bata ndi ina ya yisiti. A kampani ya INDECO anamanga nyumba za ku Estates kuti khamu lonseli lipeze pogona. Anthu ake anachokera kulikonse: ku Chipata, Petauke, Kasama, Mongu, Monze, ena anachita kuwoloka malire kuchokera ku Mchinji ndi ku Dedza. Ambiri abale awo enieni anawasiya kutali, kofika ndi basi ya UBZ utagona panjira. Choncho chibale chinkapangidwa pomwepo, pa mzere wa makina ndi pa mpanda wa nyumba.

Chibale chopanga chotere chinkayesedwa magazi akafunika. Mayi akataya magazi pobereka, munthu akavulala pa msewu wa ku Lusaka, kapena mwana akayera m'zikope ndi malungo, anesi ankatuluka m'wodi n'kuitana mwini wodwala.

"Bambo, akazi anu ataya magazi ambiri. Thamangani mukabwere ndi anthu."

"Angati, mayi?"

"Amene mungawapeze. Odwala ndi oledzera muwasiye komweko."

Uthenga ukafika pa geti ya fakitale, kapitawo ankamasula amuna angapo, n'kunyamuka ali m'maovolosi momwemo, thonje lili m'tsitsi. Atate anga anali a gulu O, lomwe limagwirizana ndi anthu ambiri, ndiye khomo lathu linkagogodedwa usiku kawirikawiri. Amayi ankang'ung'udza akuwapatsa jekete: "Inu atate ake a ana, magazi onse mukagawira anthu, ife tikadzadwala tidzapempha kwa yani?" Koma ndi amayi omwewo amene m'mawa mwake ankaphika chiwawa cha nsinjiro ndi kukazinga chiwindi, ati magazi abwerere.

Magaziwo ankathiridwa m'botolo lagalasi, woperekayo akuwaona akukwera. Akatha ankapatsidwa chakumwa chotsekemera ndi mabisiketi, basi. Malipiro enieni ankabwera pambuyo pake. Pakapita milungu ingapo mwamuna uja ankafika ndi nkhuku m'khwapa, mkazi wake ali pambuyo ndi khanda kumsana. Ankagwada pakhomo, kumasula mwanayo n'kumuika m'manja mwa atate, amvekere, "Mwana wanu uyu, tabwera kudzakuonetsani." Mabanja ena otere tinakhala nawo mpaka kumanda: pa maliro ankayamba kufika ndiwo, pa ukwati ndiwo ankasenza nkhuni. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Ku Kafue ndinaona kuti cha m'botolo nachonso chimachedwa kuola.

Si onse ankapita mokondwa. Makolo athu anabwera m'tauni ndi nkhani za akamunyama, anthu amene ankati amagwira anzawo usiku n'kuwapopa magazi kukagulitsa kwa azungu. Mphekesera zimenezi zinazunguza Northern Rhodesia kuyambira m'ma 1930 mpaka m'ma 1950, ndipo wolemba mbiri Luise White anazisonkhanitsa m'buku lake la mu 2000. Sizinafe: ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu anaphedwa mu 2017 powaganizira kuti ndi anamapopa. Panalinso amuna amene ankakana monong'ona, ati ukapereka magazi umafooka m'nyumba. Amenewa anzawo ankawaseka mpaka chaka kutha.

Zonsezi ndimazikumbuka ndi mtima wofunda, koma magazi a nthawi imeneyo sindingawafunire mdzukulu wanga. Wa mu labotale ankayang'ana gulu, A, B, AB kapena O, n'kuona ngati ndi pozitivi kapena negetivi, n'kusakaniza kadontho ka wopereka ndi ka wodwala kuti aone ngati tikugwirizana. Zoyezera matenda zinali zochepa. Komanso chikondi chija chinali ndi msampha wake. Mlamu wako akakugwira dzanja pakhonde la wodi, apongozi akuyang'ana, sunganene kuti pepani, mwezi watha ndinali ndi nthenda ya kumaso. Umangopinda mkono wa malaya. Ndipo pa zipata za zipatala zina pankakhala anyamata oyembekeza kusanduka "msuweni" wa aliyense wokhala ndi ndalama m'thumba. Edzi itadziwika m'Zambia mu 1984, msamphawo unafwamphuka. Pamene a Kenneth Kaunda ankauza dziko mu 1987 kuti mwana wawo anamwalira ndi matendawa, n'kuti aliyense atayamba kale kuliyang'ana botolo lija ndi diso lina.

Lero ntchitoyi ili m'manja mwa Zambia National Blood Transfusion Service. Cha m'ma 2005, ndi thandizo la ndalama za PEPFAR, kutenga ndi kuyeza magazi kunachotsedwa m'tizipinda ta m'zipatala n'kuikidwa m'malo akuluakulu a m'zigawo. Thumba lapulasitiki la mamililita 450 limanyamuka ndi nambala, osati dzina, ndipo lisanafike pa mkono wa wodwala limayezedwa matenda anayi: HIV, matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi wa C, ndi chindoko. Mayi wogona m'wodi ku Kafue sadzadziwa kuti magazi amene amudzutsa ndi a yani, ndipo palibe nkhuku imene idzayende. Ambiri mwa magaziwo ndi a ana a sukulu. Anyamata ndi atsikana a msinkhu wa ku Naboye kapena ku Kafue Boys, a zaka 16 kupita m'tsogolo, ndiwo dziko limadalira. Makina a ku Kafue Textiles anazima salaula atadzaza misika, Nitrogen inatsala ndi antchito ochepa, ndipo khamu la maovolosi lija linamwazika. Malo amene mungapeze anthu mazana athanzi atakhala pamodzi, okonzeka kumvera belu, ndi holo ya sukulu.

Mu holo momwemo ndi momwe mumakonda kuyenda kachilombo kena kamene sikali pa mndandanda wa anayi aja. Dzina lake ndi parvovirus B19. Oweta agalu asadzidzimuke: parvo wopha tiana ta agalu ndi wina, sagwira munthu, ndipo wa munthuyu sagwira galu. Kachilomboka anakapeza m'magazi a anthu opereka magazi. Mu 1974 ku London, Yvonne Cossart, katswiri wochokera ku Australia, ankayeza magazi pofufuza matenda a chiwindi a mtundu wa B, ndipo kabotolo ka nambala 19 pa gulu B kanaonetsa zachilendo. Atayang'ana pa makina okuza zinthu anapeza tizilombo tating'ono kwambiri timene munthu anali asanationepo. Kwa zaka zingapo panalibe wodziwa nthenda imene timayambitsa, chifukwa eni magaziwo anali bwinobwino. Mu 1981 madokotala a ku London ndi a ku Jamaica anaona kuti ana a sickle cell amene magazi awathera mwadzidzidzi anali atangogwidwa ndi kachilomboka. Mu 1983 mliri wa zidzolo pa sukulu ina ya pulayimale ku London unaonetsa kuti ndi komwekanso kamene kamafiiritsa ana masaya. Chaka chotsatira kanapezeka mwa makanda otupa thupi lonse, ofera m'mimba.

Ndiye kuti m'masiku a botolo lagalasi kanali nafe kale ku Estates ndi ku Zambia Compound, tisakukadziwa. Kamayenda ndi chifuwa ndi kuyetsemula, makamaka pakati pa ana a zaka 5 mpaka 15. Mwana amatentha thupi pang'ono, chimfine, mutu, kenako tizidzolo. Mabuku a ku Ulaya amanena za masaya ofiira ngati womenyedwa khofi, koma pa khungu lathu kufiirako sikuoneka bwino, ndiye amayi athu ankangoti ndi kachikuku kopepuka kapena thukuta. Akuluakulu, makamaka akazi, amamva kuphwanya m'mfundo za zala ndi m'mawondo kwa milungu ingapo. Ena ambiri samva kalikonse. Zidzolo zikamatuluka n'kuti nthawi yopatsirana itadutsa kale. Ukadwala kamodzi wathana nako moyo wonse, ndipo akuluakulu oposa theka anakumana nako kale. Katemera wake palibe.

Choopsa chake chili m'mafupa. Kachilomboka kamalowa m'maselo aang'ono a m'mafuta a m'mafupa, amene akanakula n'kukhala maselo ofiira a magazi, n'kuwapha. Kwa masiku 7 mpaka 10 thupi limaleka kupanga magazi atsopano. Munthu wathanzi sazindikira n'komwe, chifukwa selo lake lofiira limakhala masiku 120. Zili ngati chigayo chikaima sabata imodzi: wokhala ndi thumba la ufa la makilogalamu 25 amangomva kwa anzake, koma wogula kathumba kakang'ono ka pamela tsiku ndi tsiku amagona ndi njala usiku womwewo. Mwana wa sickle cell ndiye wa pamelayo. Maselo ake amafa pakatha masiku 10 mpaka 20, ndipo amakhala ndi moyo chifukwa mafupa ake amagwira ntchito mowirikiza osapuma. Akaima sabata imodzi, mwanayo amayera manja ndi lilime, amafooka, mtima umathamanga, amapuma movutika, ndipo chomupulumutsa ndi kumuika magazi tsiku lomwelo. M'nyumba mukakhala ana awiri a sickle cell, wachiwiri amatsatira patangopita masiku. Ndikakumbuka mabanja amene ankaika ana awiri mwezi umodzi, anthu n'kumaloza zala nkhalamba ya pafupi, ndimaganiza za kachilombo aka.

Enanso awiri ali pangozi. Mayi woyembekezera amene sanadwalepo akagwidwa mimba isanakwane milungu 20, kachilombo kangathe kuwolokera kwa mwana, amene magazi ake akupangidwa mothamanga. Ambiri amabadwa bwino, koma ena mimba imapita padera. Wina ndi munthu wa chitetezo chofooka, monga wa HIV amene sanayambe kumwa ma ARV, kapena wolandira mankhwala a khansa. Thupi lake limalephera kukachotsa, ndiye amakhala wochepa magazi miyezi ndi miyezi. Ku Niger ndi ku Papua New Guinea ofufuza anapezanso kuti kakakumana ndi malungo mwa mwana, magazi amatsika koposa. Tayang'anani mndandandawu: a sickle cell, amayi apakati, a HIV, ana a malungo. Ndi anthu omwewo amene matumba ambiri a magazi amapita kwa iwo.

N'chifukwa chake ofufuza a ku Zambia anafunsa funso loyenera. Pa malo osungira magazi a pa Kitwe Central Hospital anayeza anthu 192 opereka magazi, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2018 m'magazini ya African Health Sciences. Anthu 30, kapena kuti 15.6 peresenti, anali ndi asilikali a m'thupi a mtundu wa IgM, amene amasonyeza kuti munthu wakumana ndi kachilomboka posachedwa. Ambiri mwa iwo anali achinyamata. Nambalayi ndi yaikulu, koma tiiwerenge bwino. IgM imayamba kuoneka pamene tizilombo tayamba kale kuchepa m'magazi, ndipo imakhala miyezi iwiri kapena itatu. Siikutanthauza kuti thumba limodzi pa asanu ndi limodzi alionse lidwalitsa munthu. Nthawi yoopsa ndi masiku ochepa oyambirira, pamene munthu akudzimva wathanzi koma m'kadontho kamodzi muli tizilombo mabiliyoni. M'maiko amene amayeza kachilombo kenikeniko, matumba otere amapezeka limodzi pa masauzande angapo, ndipo amachuluka m'chaka cha mliri, monga zinachitikira ku Ulaya ndi ku America mu 2024. 

Nkhani ikafika pa magulu a magazi ndi pamene anthu amatchera khutu. Kale munthu ankadziwa gulu lake pokhapokha atagonapo pa bedi lopereka magazi, ndipo kakhadi kake ankakasunga pamodzi ndi chitupa. Lero pa WhatsApp pamayenda mauthenga akuti a gulu O asadye nyemba, a gulu A ndi ofatsa, a gulu B sagwidwa ndi chakuti. Zambiri mwa izi ndi nthano, koma pansi pake pali choona chimene chimazipatsa mphamvu. Magulu a magazi ndi tizizindikiro tokhala kunja kwa selo lofiira, ndipo tizilombo tina timagwira pa tizizindikiro timeneti. Zinatsimikizika kuti ana a gulu O sadwala malungo aakulu kawirikawiri poyerekeza ndi a magulu ena, pamene kolera imawazunza koposa a O omwewo. Ambiri a ife a kuno ku Africa tilibe chizindikiro chotchedwa Duffy, ndipo n'chifukwa chake malungo a mtundu wa vivax, ofala ku India, sanazike mizu pakati pathu.

Parvovirus B19 nayenso ali ndi pogwira pake, koma si pa A, B kapena O. Karl Landsteiner, amene anatulukira magulu a ABO ku Vienna mu 1901, ndipo tsiku lake lobadwa la 14 Juni ndi limene dziko lonse limakumbukira opereka magazi, sanalekere pomwepo. Mu 1927 ku New York, iye ndi Philip Levine anabaya akalulu ndi magazi a anthu n'kupeza chizindikiro china chimene anachitcha P. Lero magulu odziwika a magazi ndi oposa 40, ngakhale pakhadi pamalembedwa awiri okha. Mu 1993 Kevin Brown ndi Neal Young a ku National Institutes of Health ku America anaonetsa kuti polowera pa B19 ndi pa chizindikiro cha m'banja la P chotchedwa globoside. Chimapezeka pa maselo opanga magazi, pa mitsempha, pa nsengwa ndi pa mtima wa mwana wosabadwa, malo omwewo amene nthendayi imapweteka. Chaka chotsatira anayeza anthu obadwa opanda chizindikirochi, ena mwa iwo a mtundu wa Amish ku America, ndipo sanapeze ndi mmodzi yemwe amene anagwidwapo. Ngakhale maselo awo atawathira tizilombo tambirimbiri mu labotale, sanadwale.

Musawasirire. Anthu otere amapezeka mmodzi pa anthu pafupifupi 200,000, ndipo thupi lawo limakana magazi a wina aliyense wokhala ndi P, kutanthauza pafupifupi tonsefe. Akafuna magazi amachita kuwasakira m'maiko, ndipo akazi ake mimba zimapita padera mobwerezabwereza. Kwa ife otsalafe, wa O, wa A, wa B ndi wa AB, polowera ndi potsegula chimodzimodzi. Ofufuza m'maiko osiyanasiyana ayesa kufananiza B19 ndi magulu a ABO, ndipo zotsatira zawo zimatsutsana: uku akuti gulu ili, uko akuti lina, kwina akuti palibe kusiyana. Pali kamsampha ka masamu kamene kamakola ambiri. Kuno kwathu pafupifupi theka la anthu ndi a gulu O, ndiye mukayeza nthenda iliyonse, ngakhale chipere, odwala ambiri adzakhala a O. Amene angakuuzeni kuti musalandire magazi a gulu lakuti poopa kachilomboka akukunamizani.

Maiko olemera anachita zosiyanasiyana. Kachilomboka n'kolimba, sikafa ndi mankhwala amene amapha HIV m'madzi a m'magazi, choncho makampani opanga mankhwala kuchokera ku plasma ya anthu masauzande amayeza kuti kasapitirire mlingo wa 10,000 IU pa mililita. Ku Japan anayamba kuyeza opereka magazi mu 1997, poyamba ndi njira yogwiritsa ntchito chizindikiro cha P chomwecho ngati nyambo. Ku Germany ndi ku Austria malo ambiri amayeza kachilomboko mwachindunji. Ku Britain ndi ku America thumba wamba la magazi saliyeza. Zambia, imene imavutika kupeza ndalama za mankhwala oyezera anayi aja, singayambe ndi kuyeza thumba lililonse, ndipo ine sindingailimbikitse kutero. Mwana wa sickle cell wa ku Shikoswe adzakatenga kachilomboka kwa mnzake wa pa desiki, kudzera m'mphuno. Chimene chidzamuphe ndi kufika kuchipatala n'kupeza m'firiji mulibe kanthu, ndipo firijiyo imauma mu Epulo, mu Ogasiti ndi mu Disembala, sukulu zikatsekera. Disembala ndi mwezi umenenso mvula imabweretsa malungo, ndipo magalimoto amagundana pa mphambano ya Turnpike.

Njira imene imandigwira mtima ndi ya ku Netherlands. Kumeneko sayeza aliyense. Amasankha opereka magazi amene apezeka kawiri ndi asilikali a mtundu wa IgG, osonyeza kuti munthu anadwala kalekale n'kuchira, ndipo pakati pa kuyeza koyamba ndi kwachiwiri pamadutsa miyezi 6 kapena kuposerapo. Magazi a anthu amenewa amawapatula, n'kumawapatsa amayi oyembekezera, ana osabadwa ofuna magazi ali m'mimba, ndi odwala ena amene ali pangozi. Ndi matumba ochepa, ndipo kuyeza kwake n'kotchipa poyerekeza ndi kusaka kachilombo m'thumba lililonse. Koma njirayi imafuna munthu wa mtundu wina: wamkulu, wokhazikika pamalo, wobweranso chaka ndi chaka, amene dzina lake lili m'kaundula. Mwana wa sukulu amene wapereka kamodzi mu holo, kenako n'kulemba mayeso n'kupita ku Solwezi kukasaka ntchito, sangayezedwe kachiwiri.

Munthu wotereyu Kafue anali naye wambiri, kungoti nthawi imeneyo panalibe chomuyezera. Atate ndi anzawo a zaka 30 ndi 40, amene kachikuku kaja anathana nako ali ana kumudzi, ankakhala nyumba imodzi zaka makumi awiri ndipo kapitawo ankadziwa powapeza. Lero zoyezera zilipo, ndipo akuluakulu sanathe m'tauni muno. Ali ku fakitale ya zitsulo, ali pa msika, ali pa doko la Chanyanya, ali m'maminibasi a mbandakucha opita ku Lusaka, ali m'makwaya ndi m'mabungwe a amayi a mpingo. Ambiri mwa iwo mukawafunsa adzakuuzani kuti anaperekapo magazi kamodzi ali ku sekondale, ndipo chichokereni kumeneko palibe anawaitananso. Mwamuna wathanzi amaloledwa kupereka miyezi itatu iliyonse, mkazi miyezi inayi iliyonse.